Funso la ngongole yomangira malaibulale pa chisankho ku America

Ku United States, pepala lovotera silikhala ndi maina a anthu ofuna mipando okha. M'zigawo zambiri mumakhalanso mafunso oti wovota ayankhe kuti inde kapena ayi, mofanana ndi riferendamu ya ku Malawi ya 1993, pamene anthu ankasankha mfundo osati munthu. Limodzi mwa mafunso amene amabwera kawirikawiri ndi lopempha chilolezo choti boma la chigawo libwereke ndalama zomangira ndi kukonza malaibulale.

Boma limabwereka pogulitsa zikalata za ngongole zotchedwa ma bond kwa anthu ndi makampani, ndipo limabweza pang'onopang'ono pamodzi ndi chiwongoladzanja, nthawi zambiri kwa zaka 20 kapena 30. Mu November 2017, ovota a ku New Jersey anavomereza ngongole ya madola 125 miliyoni, ndipo lamulo lake linati chigawo chidzalipira theka la mtengo wa ntchito iliyonse, pamene theka linalo lidzachokera ku tauni kapena dera limene laibulaleyo ili. Ku California, kumene mafunso otere amatchedwa Proposition, Proposition 14 ya madola 350 miliyoni inadutsa mu 2000, koma Proposition 81 ya madola 600 miliyoni inakanidwa mu 2006. Choncho musaganize kuti funso la laibulale limadutsa lokha chifukwa aliyense amakonda mabuku.

Kwa inu amene mukukhala ku America, choyamba ndi kudziwa ngati muli ndi ufulu wovota, ndipo apa ndikupempha kuti musamale kwambiri. Pa chisankho cha chigawo amavota ndi nzika za America zokha. Munthu amene ali ndi green card (chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika), viza ya sukulu kapena ya ntchito saloledwa kuvota, ngakhale atakhala m'dzikomo zaka zambiri akulipira msonkho. Msampha umapezeka ku ofesi yopereka malaisensi oyendetsera galimoto, kumene fomu kapena kompyuta imafunsanso ngati mukufuna kulembetsa m'kaundula wa ovota. Kungochonga kabokosi konena kuti ndinu nzika pamene si choncho kungakulepheretseni kudzalandira unzika, ndipo kungachititse kuti mubwezedwe kwanu. Ngati dzina lanu linalowa kale m'kaundula molakwika, onanani ndi loya wodziwa malamulo olowa ndi kutuluka m'dziko musanachite china chilichonse.

Amene munalumbira kale kukhala nzika, lembetsani nthawi ikadalipo. Ku New Jersey kulembetsa kumatsekedwa kukatsala masiku 21 kuti chisankho chichitike. Werenganinso funsolo muli kunyumba, chifukwa chinenero chake ndi cha maloya ndipo m'kachipinda kovotera simupeza mpata wochisinkhasinkha. Ku New Jersey pansi pa funso pamakhala mawu ofotokozera tanthauzo lake, ndipo ku California kabuku kotumizidwa kwa ovota kamakhala ndi kuwerengera kwa ofesi ya Legislative Analyst, imene imaunika za chuma cha chigawo, kosonyeza ndalama zonse zodzabweza.

Powerenga, yang'anani gwero la ndalama zobwezera. Ngongole ya chigawo nthawi zambiri imabwezedwa kuchokera m'thumba lalikulu la boma, limene limadzazidwa ndi misonkho ya pa malipiro ndi pa zogula. Ngongole ya tauni kapena dera imawonjezedwa pa msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo ngakhale mukhale pa lendi, eni nyumba angathe kuulowetsa mu lendi yanuyo. Dziwaninso kuti ndalama zotere zimagwira ntchito pa denga, magetsi, zipinda zatsopano ndi njira zolowera anthu olumala, koma sizilipira antchito. Nyumba yokongola ikhoza kumangidwa koma n'kumatsekedwa 5 koloko madzulo, nthawi imene munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba sanaweruke n'komwe.

Ine ndimaona kuti ngongole yotere ndi yoyenera kuiganizira mokomera, chifukwa kwa mlendo laibulale ndi malo amene amapeza intaneti yaulere, makina osindikizira kalata yofunsira ntchito, maphunziro a Chingerezi, ndiponso makalasi okonzekera mayeso a unzika. Khadi ya laibulale imaperekedwa kwa wokhala m'deralo, ndipo kawirikawiri amangofuna chiphaso ndi umboni wa komwe mukukhala.

Amene simungavote muli ndi mbali yanu. Popeza, monga zinalili ku New Jersey, tauni iyenera kupeza gawo lake la ndalama ndi kulemba pempho ku laibulale yaikulu ya chigawo, nkhani yeniyeni imakambidwa pa misonkhano ya khonsolo ndi ya bodi ya laibulale, imene ndi yotseguka kwa anthu onse ndipo imakhala ndi nthawi yoti okhala m'deralo alankhule. Funsani wogwira ntchito pa kauntala tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo mukapita, nenani zimene banja lanu likusowa, kaya ndi chipinda chophunzirira ana akaweruka kusukulu kapena kutsegula Loweruka. Khalani okonzeka kudikira, chifukwa ku New Jersey ndalama zoyamba zinagawidwa mu 2020, patadutsa zaka zitatu chivotereni.