Momwe mungasankhire ana mabuku okamba za kudzidziwa, ubwenzi ndi kukana kuponderezedwa

Patha zaka zitatu ndikuwerenga mabuku ndi ana a abale anga, azaka 9 mpaka 14. Amene amawagwira mtima kwambiri ndi okamba za mwana wofuna kudziwa kuti iye ndi ndani, za mnzake amene sanamutaye pa mavuto, ndi za anthu amene anakana kuponderezedwa.

Poyamba onani msinkhu wa mwana wa m'nkhaniyo. Akhale wofanana ndi wowerengayo, kapena womuposa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Nkhani ya akuluakulu okhaokha mwana sachedwa kutopa nayo.

Kenako werengani bukulo inuyo mpaka tsamba lomaliza, ndi mawu owonjezera akumapeto omwe. Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Ndinagulira mwana wa mchemwali wanga, wazaka 9, buku la zolemba za Anne Frank. Ndinkangolimva mbiri, choncho ndinasuzumira masamba oyamba okha, pomwe mtsikana wachiyudayo akusangalala ndi kabuku kolembamo komwe analandira pa 12 June 1942, tsiku limene anakwanitsa zaka 13. Ndinati basi, ili ndi labwino. Mwanayo analikondadi. Ankandifotokozera za anthu asanu ndi atatu obisala kuseri kwa shelefu ya mabuku ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, pothawa a Nazi a ku Germany amene ankazunza Ayuda, akuyenda monyang'ama masana kuti ogwira ntchito pansi asawamve. Zolembazo zimangothera m'malere pa 1 August 1944, ndipo patatha masiku atatu onse anagwidwa. Masamba akumapeto ndi amene amanena kuti Anne anafera kundende yozunzirako anthu ya Bergen-Belsen mu 1945 ali ndi zaka 15, ndipo mwa onse aja amene anapulumuka ndi bambo ake okha, a Otto. Zimenezi mwanayo anaziwerenga ali yekha usiku. M'mawa ndinamupeza atakhala pakhomo, buku atalifungatira pachifuwa, maso ali psuu.

"Amalume, bwanji simunandiuze kuti amwalira?"

Ndinasowa chonena. Milungu iwiri sanafune kukhudza buku lililonse, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Sikuti ana tiziwabisira zoona ayi. Bukulo linkayenera kudikira afike zaka 12 kapena 13, ndipo tsamba lija tinkayenera kufikapo tili limodzi. Masiku ano ndimaika kapepala pamalo onse olemera, ndipo tikafika pamenepo timawerenga mokweza, ine ndili pambali pake.

Pogula samalani ndi ogulitsa mabuku ofotokopa amene amawamata chikuto chonyezimira. Mtengo wake umakopa, koma lina limene ndinagula linali ndi mutu umodzi wobwerezedwa kawiri, masamba khumi apakati kulibe. Tsatani manambala a masamba musanapereke ndalama. Atsopano enieni ndi odula, ndiye ine ndimabwereka ku laibulale kapena kusinthana ndi makolo anzanga. Akale alibe vuto, bola masamba asakhale othothoka.

Musanayambe kuwerenga, fotokozani mbiri yake mwachidule. Ngati nkhaniyo ndi ya nthawi ya tsankho ku South Africa, mwana adziwe za chiphaso chimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho, adziwenso kuti pa 16 June 1976 ana asukulu a ku Soweto anaguba pokana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans, apolisi n'kuwawombera. Ngati ndi ya ku America, muuzeni za Ruby Bridges, yemwe mu 1960, ali ndi zaka 6, ankapita kusukulu ya azungu okhaokha ku New Orleans moperekezedwa ndi achitetezo a boma. Ana amatchera khutu akamva kuti amene anachita zimenezi anali ana anzawo.

Mafunso asakhale ngati a mayeso. Ine ndimangofunsa kuti, "Ukanakhala mnzake, ukanatani?" Ndikatero ndimakhala chete, ngakhale achedwe kuyankha.

Mutu umodzi patsiku ndi wokwanira. Akafuna kujambula kapena kulemba zake, mpatseni kope. Akamaliza buku, alipereke kwa mnzake kuti adzakambirane okha.