Momwe mungapezere loya wokuthandizani pa ngongole ya msonkho ku MRA

Kalata yochokera ku bungwe lotolera misonkho la MRA yonena kuti muli ndi ngongole si yoyenera kuisunga mu dirowa n'kumayembekezera kuti nkhaniyo izizira yokha, chifukwa chindapusa ndi chiwongoladzanja zimapitirira kukwera, ndipo bungweli lili ndi mphamvu zolamula banki kuti ichotse ndalama mu akaunti yanu ngakhalenso zotseka malo anu a bizinesi. Zimene ndalemba pano ndi za eni mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati amene alibe loya wawo wokhazikika.

Choyamba, dziwani bwino kuti ngongoleyo ndi ya msonkho uti. Lowani pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA, ndi TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho), kapena pitani ku ofesi ya MRA imene mumalipirako, mukatenge sitetimenti yoonetsa msonkho weniweni, chindapusa ndi chiwongoladzanja, chilichonse pachokha. Ngongole ya PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito), imene imayenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi yosiyana ndi ya VAT, imene imaperekedwa pofika pa 25, ndipo loya adzafuna kudziwa zimenezi asanalankhule china chilichonse. Nthawi zambiri chiwerengero chimakhala chachikulu chifukwa munthu sanapereke ma return ake (mafomu oonetsa zimene wapeza ndi msonkho wake), choncho bungweli linachita kuyerekeza ndalama zimene iye anapeza. Sonkhanitsani malisiti, masitetimenti a kubanki ndi makalata onse m'fayelo imodzi, ndipo mulembe pachikuto tsiku limene kalatayo inalembedwa ndi limene munailandira.

Chachiwiri, dzifunseni ngati mukufunikadi loya. Ngati ngongoleyo mukuivomereza ndipo chimene mukusowa ndi nthawi yolipirira, akauntanti amene ndi membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi, angathe kukonza mabuku anu ndi kukulemberani kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, kawirikawiri pa mtengo wocheperapo. Loya amafunika pamene mukutsutsa chiwerengerocho, pamene akaunti yanu yagwiridwa kapena sitolo yatsekedwa, ndiponso makamaka pamene akukuganizirani kuti munazemba msonkho mwadala, poti umenewo ndi mlandu.

Gawo lachitatu, lomwe ndi kusankha loyayo, ndi limene ndikupempha kuti muliwerenge modekha, chifukwa ndi pamene ine zinthu zinandivuta. Munthu amene mnzanga wina anandilozera anali ndi ofesi yooneka bwino, mabuku a malamulo atandandalikidwa pashelefu, ndiponso mkanjo wakuda utapachikidwa kuseri kwa chitseko. Analandira ndalama zoyambira n'kundiuza kuti kalata yotsutsa si yofunika kwenikweni chifukwa ali ndi anthu ake mkati amene atha kuimaliza nkhaniyo mwakachetechete. Nthawi yotsutsira inadutsa osalemba kanthu, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti chiphaso chake chogwirira ntchito ya uloya chinali chitatha kalekale. Loya wina amene anatenga nkhaniyo anayamba ndi kupempha kuti kutsutsa kwanga kulandiridwe mochedwa, ntchito imene inandidyera ndalama zina zimene sizikanafunika.

Loya aliyense muno m'Malawi amayenera kukhala ndi chiphaso chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society, lomwe likulu lake lili ku Blantyre, limatulutsa mndandanda wa maloya amene ziphaso zawo zikugwira ntchito. Musakhutire ndi satifiketi ya digiri imene yapachikidwa pakhoma, chifukwa kuphunzira malamulo n'kwina, kuloledwa kuimira anthu chaka chimenecho n'kwinanso. Funsani dzina lonse la loyayo ndi la kampani yake, kenako mufufuze ku bungwe la maloyali musanapereke tambala iliyonse. Loya woona sakhumudwa mukamufunsa zimenezi. Mukatsimikiza za chiphasocho, mumufunsenso mosapita m'mbali ngati anagwirapo nkhani za msonkho, popeza maloya ambiri ndi akatswiri pa milandu ya malo, ya ngozi zapamsewu kapena ya chuma cha masiye, koma malamulo monga Taxation Act, VAT Act ndi Tax Administration Act ya 2021 sawawerenga kawirikawiri. Mumve ngati anaimirapo munthu ku nthambi ya khoti lalikulu yoona za misonkho, imene imatchedwa Revenue Division. Amene akuidziwa ntchito amayamba ndi kufunsa za tsiku la kalata yanu, chifukwa lamulo limapereka masiku 30 oti munthu atsutse chiwerengero cha msonkho polembera Commissioner General, mkulu wa MRA, ndipo amapempha kuona mabuku anu asanakulonjezeni chilichonse. Amene akuyamba ndi kutchula anthu amene amadziwana nawo, musiyane naye pomwepo.

Pano ndichenjezenso za madobadoba amene amazungulira pafupi ndi maofesi a boma ndi makhoti, atanyamula mafayelo m'khwapa, n'kumanena kuti angathe kufufutitsa ngongole m'kompyuta kapena kukupezerani Tax Clearance Certificate (chikalata chotsimikizira kuti nkhani zanu za msonkho zili bwino) tsiku lomwelo. Pepala limene angakupatseni likhoza kukhala lachinyengo, ngongole n'kukhala ili pomwepo, inu n'kudzionjezera mlandu wa ziphuphu. Ndalama za msonkho zimaperekedwa ku akaunti za MRA kudzera m'mabanki ndi njira zina zimene bungwelo linavomereza, ndipo lisiti liyenera kukhala m'dzina lanu ndi TPIN yanu.

Chachinayi ndi mtengo. Maloya amasiyana kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo makampani akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe kawirikawiri amakhala okwera kuposa loya amene ali payekha, ngakhale kuti kukwera mtengo si umboni woti munthu amadziwa za msonkho. Onanani ndi awiri kapena atatu, ndipo mufunsiretu ngati kukumana koyamba kumalipiritsidwa. Mgwirizano ukhale wolembedwa, wonena ngati akulipiritsani pa ola kapena pa ntchito yonse, ngati VAT ili kale m'mtengomo, ndiponso amene alipire zapadera monga maulendo ndi ndalama za kukhoti. Ndalama zoyambira ziperekedwe ku akaunti ya kampani ya loyayo, osati pa nambala ya foni ya kalaliki wake. Bungwe la Legal Aid Bureau limathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, koma limayamba launika kapezedwe ka munthu, kotero mwini bizinesi asadalire kwambiri njira imeneyi.

Mukagwirizana, loya alembe kalata yotsutsa yofotokoza zifukwa zake, inu mutenge kope lodindidwa losonyeza tsiku limene MRA inailandira. Gawo la ngongole limene simukulitsutsa yambani kulipira, ndipo mupemphe kuti chindapusa chichepetsedwe ngati muli ndi zifukwa zomveka. Pitirizani kupereka ma return a miyezi imene ikubwera pa nthawi yake, chifukwa ngongole yatsopano imasokoneza zokambirana zonse. Ngati yankho la Commissioner General silikukukhutiritsani, pali mwayi wochita apilo, ndipo nawonso uli ndi nthawi yake imene loya ayenera kukuuzani molemba. Loya akasiya kuyankha mafoni kapena akakana kukupatsani makope a makalata anu, kadandauleni ku Malawi Law Society, mutatenga mgwirizano uja ndi malisiti onse.