Kupita ndi achinyamata a mpingo ku Chipata: zokonza basi isananyamuke

Kwa gulu la achinyamata a mpingo wa mu Lilongwe lomwe likufuna kukatumikira kunja koyamba, Chipata ku Zambia ndiye poyambira pabwino. Kuchoka m'tauni kukafika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110, malire ali patsogolo pang'ono, ndipo mukawoloka ku Mwami ola silikwana musanalowe mu Chipata. Nthawi ndi imodzimodzi, chinenero n'chomveka, Buku Lopatulika ndi lomwelo. Kufupikako ndiye msampha: anthu amakonzekera ngati akupita ku Kamwendo, kuiwala kuti akulowa m'dziko la eni.

Choyamba ndi kalata yokuitanani. Ichokere ku mpingo womwe ukukulandirani, ikhale ndi chidindo, masiku, malo ogona, ndi dzina ndi nambala ya foni ya abusa akumeneko. Kumbali yanu, pempho lidutse kwa akulu a mpingo ndi kwa abusa, osati pa WhatsApp ya achinyamata okhaokha. A CCAP Nkhoma Synod ali ndi abale kale kumeneko, a Reformed Church in Zambia, omwe adayambira ku Magwero mu 1899, patatha zaka khumi ntchito itayamba ku Mvera. Mukapita kotero simukupita kukaphunzitsa anthu osadziwa Mulungu. Funsani eni ake chomwe akufuna: kuyenda khomo ndi khomo, kuphunzitsa ana a Sande sukulu, kapena kuumba njerwa za pa nthambi ina. Apempheninso afunse ku ofesi ya Immigration ya ku Chipata ngati ntchitoyo ikufuna chilolezo china, chifukwa Mmalawi safuna viza kukacheza ku Zambia, koma kucheza ndi kuchititsa msonkhano wapabwalo si chinthu chimodzi.

Za mapasipoti yambani miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike. Mlembi asonkhanitse mapasipoti enieniwo n'kuwaona ndi maso, asakhulupirire mawu akuti "ndili nayo". Pasipoti yotsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi ikhoza kubwezetsa munthu pamalire. Aliyense wosakwana zaka 18 atenge kalata ya makolo yolumbirira kwa majisitireti kapena kwa loya, yotchula dzina la wamkulu yemwe akuyenda naye, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso cha unzika cha kholo. Mwana mmodzi wopanda kalata amaimitsa basi yonse, ndipo palibe mtsogoleri angamusiye yekha pa Mchinji.

Galimoto nayo ili ndi mapepala ake. Ngati mwachita hayala basi, mwini wake akuonetseni blue book, kalata ya apolisi yololeza galimoto kutuluka m'dziko, COMESA Yellow Card (inshuwalansi ya galimoto yoyendera kunja), ndi kalata yopereka galimotoyo kwa dalaivala. M'galimotomo mukhale ma triangle awiri ndi chozimitsira moto. Mugwirizane polemba kuti msonkho wa carbon tax ndi ndalama za msewu ku Zambia alipira ndani. Mkangano wa zimenezi umabuka pawindo, dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira mu 2022 malire a Mchinji ndi Mwami adakhala a malo amodzi, choncho zonse mumathera m'nyumba imodzi, komabe anthu 20 ndi katundu wawo muwapatse maola awiri. Nyamukani 6 koloko m'mawa.

Zokuzira mawu, kiyibodi, purojekita ndi jenereta zilembedwe pa pepala limodzi, chilichonse ndi serial number yake, ndipo a MRA adinde pepalalo potuluka. Popanda ilo, pobwerera akhoza kuyesa kuti mwazigula ku Chipata n'kukulipiritsani msonkho pa katundu wanu yemwe. Mapulagi ndi ofanana ndi a kuno.

Ndalama zonse ziwiri ndi kwacha, koma mphamvu yake njosiyana kwambiri, ndipo achinyamata amasokonezeka akamva mtengo wa botolo la madzi. Msungichuma asinthe ku banki kapena ku bureau yovomerezeka n'kusunga malisiti. Anyamata osintha ndalama pamalire amawerenga mofulumira dala, ndipo popeza Zambia idatulutsa ndalama zatsopano mu 2025, mlendo sazindikira msanga pepala labodza. Gawani thumba patatu: mayendedwe, chakudya, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi losakhudzidwa, la matenda ndi kuwonongeka kwa galimoto. Atsogoleri awiri agule SIM ya MTN kapena Airtel ya ku Zambia; amalembetsa ndi pasipoti.

Ufa musanyamule. Chimanga ndi ufa zimafuna zilolezo pamalire, pomwe ku Chipata matumba a 25 kg ali m'sitolo iliyonse. Werengerani theka la kilogalamu pa munthu pa tsiku: anthu 20 masiku 7 ndi matumba atatu. Onjezani lachinayi, pakuti ana a kwaya ya kumeneko adzadya nanu, ndipo n'zochititsa manyazi kusiya mpingo wokulandirani uli ndi ngongole ya ndiwo.

Masiku abwino ndi a holide ya Ogasiti, kulibe mvula, koma pewani sabata yomaliza: Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, kumatenga basi ndi anthu omwe mumafuna kuwachezera. Pewaninso kumapeto kwa Febuluwale, pomwe kuli mwambo wa Nc'wala wa Mpezeni ku Mtenguleni. Usiku wa Ogasiti umazizira pasimenti ya tchalitchi, ndiye aliyense atenge bulangete, mphasa kapena matiresi, ndi neti yake. M'bokosi la mankhwala mukhale panado, Thanzi ORS, mabandeji ndi klorini wa m'madzi. Wina akatentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo, ku chipatala chapafupi kapena ku Chipata Central Hospital. LA yomwe timaidziwa kuno, kumeneko amaitcha Coartem. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku auze mtsogoleri mmodzi mwamseri ndipo atenge okwanira masiku ena atatu.

Atsikana agone kwawo ndi amayi a mvano awiri, anyamata kwawo ndi mkulu wa mpingo. Poyenda m'midzi mukhale anayi, mmodzi wa iwo mwini dera, ndipo muyambire kwa anyakwawa. Kuwerengana kukhale kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndi mayina osati mitu.

Chinyanja chakumeneko chili ndi mbuna zake. "Manje" ndi tsopano, "kukamba" ndi kulankhula, ndipo "mailo" ndi mawa komanso dzulo, choncho mukapangana za mapemphero tchulani tsiku lenileni. Nthawi amaitchula mwa maola 24: akati "fifteen hours" ndiye 3 koloko masana. Wachinyamata asalonjeze munthu fizi, foni kapena njinga. Pempho lililonse lipite kwa abusa akumeneko. Mayina a omwe atembenuka mtima muwasiye m'manja mwa akulu a mpingowo usiku womaliza, pamodzi ndi midzi yawo, ndipo pasanathe sabata ziwiri mutabwera msungichuma awerenge malisiti onse pamaso pa mpingo womwe udasonkha ndalamazo.