Mmene mungagwiritsire ntchito mpamba woyamba pa gemu ya mipikisano ya mahatchi

Mukangotsegula akaunti pa gemu ya mipikisano ya mahatchi ya pa intaneti, amakupatsani khola lopanda kanthu ndi ndalama za mu gemu zooneka ngati zochuluka. Mukalowa pa msika maso amathamangira hatchi imodzi, bambo wake ngwazi, mayi wake ngwazi, mtengo wake pafupifupi zonse zimene muli nazo. Imeneyo isiyeni. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa makola atsopano amene ndawaona akugwa, ambiri agwera pa hatchi imodzi yotereyi. Ntchito ya ndalama zoyambirazo ndi kukusungani mu gemu mpaka mahatchi anu atayamba kudzigulira okha chakudya. Ngwaziyo mudzaigula ndi ndalama za mphoto, nthawi yake ikakwana.

Musanagule kalikonse, fufuzani tsamba la malamulo ndi zolipira, mutenge cholembera. Lembani ndalama zimene hatchi imodzi imadya pa sabata ya mu gemu: chakudya, malo mu khola, mphunzitsi. Lembaninso ndalama yolembetsera mpikisano, gawo limene wokwera amatenga pa mphoto, mtengo wonyamula hatchi kupita ku bwalo lina ngati gemuyo imalipiritsa, ndi mtengo wa dokotala wa ziweto. Anthu amadumpha tsambali chifukwa n'lotopetsa, koma mpamba wanu wonse ukathera pamenepo. Hatchi imadya ngakhale sabata imene sinathamange.

Tiyerekeze kuti akupatsani 100,000, ndipo hatchi imodzi imadya 1,000 pa sabata. Manambala a gemu yanu akhala ena, koma kawerengedwe kake ndi komweka. Ine ndimagula mahatchi atatu a pafupifupi 15,000 iliyonse, zonse pamodzi 45,000. Kenako ndimapatula 36,000, ndiye kuti chakudya ndi chisamaliro cha atatuwo kwa masabata 12, ndipo ndalama imeneyi sindiikhudza ngakhale pa msika patabwera hatchi yokongola bwanji. Zotsala 19,000 ndi za kulembetsa mipikisano, maulendo ndi kuvulala. Wina adzati ndalama zoposa theka zangokhala osagwira ntchito. Zikugwira. Ndi zimene zimakuchititsani kuti musagulitse hatchi yabwino pa mtengo wozizira chifukwa choti chakudya cha sabata ino chasowa.

Pali kuwerengera kwina kumene ndikufuna muchite musanalembetse mpikisano woyamba. Ku America mphoto imagawidwa mwakuti hatchi yoyamba imatenga pafupifupi 60 pa 100 iliyonse, yachiwiri 20, zotsalazo n'kugawana zina zotsatira, ndipo magemu ambiri amatsanzira zomwezo. Tiyeni tinene kuti hatchi yanu imathamanga kamodzi pa masabata atatu ndipo kulembetsa ndi 500. Mipikisano itatu ikudyerani masabata 9, ndiye 9,000 ya chisamaliro ndi 1,500 yolembetsera, pamodzi 10,500. Ngati mphoto ya mpikisano uliwonse ndi 10,000, ndipo hatchiyo yapambana kamodzi, yakhala yachiwiri kamodzi, yachitatu kamodzi, mwapeza 6,000, 2,000 ndi pafupifupi 1,000. Ndi 9,000 basi, wokwera asanatengepo yake. Hatchi yachita bwino chonchi koma mwaluza. Pa mipikisano ya 20,000 zotsatira zomwezo zikupatsani 18,000, ndipo khola layamba kupuma. Choncho funso pogula hatchi ndi lakuti: kodi ingathe kufika m'gulu la zitatu zoyamba pa mipikisano imene mphoto yake imaposa chakudya chake? Mukayankha kuti ayi, ngakhale ndi yotchipa chotani, ndi yodula.

Nanga mahatchi atatuwo akhale otani? Akhale oti akuthamanga kale, a zaka zitatu mpaka zisanu, okhala ndi mbiri yoti mungaiwerenge. Hatchi ya chaka chimodzi ya pa okushoni imakopa chifukwa palibe amene anaiona ikugonja, koma mahatchi a mpikisano sayamba kuthamanga asanafike zaka ziwiri, ndiye mukhala mukuidyetsa nyengo yonse ya mu gemu osaona khobidi. Ndipo mzere wa makolo supereka chitsimikizo. Mu 2006 hatchi yotchedwa The Green Monkey inagulitsidwa $16 miliyoni ili ndi zaka ziwiri. Inathamanga katatu kokha ndipo sinapambaneko. Seattle Slew inagulidwa $17,500 mu 1975, ndipo mu 1977 inatenga Triple Crown, mipikisano itatu ikuluikulu ya ku America, isanagonjepo. Gemu yolembedwa bwino imasunga chisokonezo chimenechi: ana a makolo amodzi amatuluka osiyana. Wolemera angathe kugula ana khumi n'kudikira kuti mmodzi atuluke bwino. Inu muli ndi mwayi wogula katatu kokha, ndiye gulani zimene zaoneka kale.

Musanyoze mfule. Hatchi yofulidwa singabereke, ndiye osewera amene maganizo awo ali pa kuswetsa amaisiya, mtengo n'kutsika. Inu mukufuna miyendo yake. John Henry inali mfule, inathamanga mpaka ili ndi zaka 9 ndipo inapeza ndalama zoposa $6.5 miliyoni. Mwa mahatchi atatu anu oyamba, ndingakonde awiri akhale afule otsika mtengo, yachitatu ikhale yaikazi imene makolo ake ali ndi dzina, kuti ikadzatopa kuthamanga idzakhale mayi woyamba wa khola lanu.

Ngati gemu yanu ili ndi ma claiming race, kumeneko ndiye kumsika kwenikweni kwa munthu woyamba. Pa mpikisano wotere hatchi iliyonse yolembetsedwa imakhala pa malonda pa mtengo umodzi wodziwika. Mumaika pempho lanu mpikisano usanayambe. Ukatha, hatchi ndi yanu, kaya yapambana kaya yagonja, pamene mphoto ya tsikulo imapita kwa mwini wakale. Anthu angapo akafuna hatchi imodzi amachita maere. Ubwino wake ndi woti mwini hatchi sanganame kwambiri za mtengo: akaiika pa mtengo wotsika imupambanira koma amulanda, akaiika pamwamba aisunga koma igonja. Mu 1943 mphunzitsi Hirsch Jacobs anatenga Stymie mwa njira imeneyi pa $1,500, ndipo hatchiyo inapuma pa mpikisano itapeza zoposa $900,000. Simupeza Stymie sabata iliyonse, koma chimene mukusaka n'chofanana: hatchi imene mwini wake sakuidziwa bwino.

Kuizindikira kumafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsegulani mbiri ya mipikisano yake yonse, muone mtunda ndi mtundu wa bwalo. Mitunda imawerengedwa mu furlong, imene ndi pafupifupi mamita 201, kapena m'mamita. Ya furlong zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri ndi ya liwiro. Furlong 8 ndi mailosi imodzi, pafupifupi mamita 1,600. Kentucky Derby ya ku America ndi ya mamita pafupifupi 2,000 pa dothi, pamene Derby ya ku Epsom, ku England, ndi ya pafupifupi 2,400 pa kapinga. Hatchi imene imatsogola mpaka pakati n'kufooka kumapeto pa mamita 1,800 mwina siyoipa, ikungofuna mamita 1,200. Ina imayamba mwaulesi n'kumaliza ikupitirira anzake mpikisano utatha kale: imeneyo ikupempha mtunda wautali. Onaninso ngati inathamangapo pa kapinga. Mukapeza hatchi imene makolo ake onse anali a pa kapinga koma mwini wake wakhala akuithamangitsa pa dothi pokha, ndiye mwapeza chimene ndikunenachi. Palibe chimene chimandisangalatsa mu magemu amenewa kuposa kutenga hatchi yomwe yakhala ikumaliza ya nambala 7, n'kuisinthira mtunda, kenako n'kuiona ikutsogola.

Atatuwo asakhale a mtundu umodzi. Mukagula onse a liwiro pa dothi, adzalimbirana mipikisano yomweyo, ndipo sabata imene palibe mpikisano wotero onse adzangokhala m'khola. Imodzi ya mtunda waufupi, ina ya mailosi, ina ya pa kapinga, ndiye kuti sabata iliyonse muli ndi yoti ithamange.

Tsopano kusankha mpikisano, kumene osewera ambiri amataya ndalama atagula bwinobwino. Mipikisano ili m'magulu. Pansi pali maiden, ya mahatchi amene sanapambanepo, ndi ma claiming. Pamwamba pake pali allowance, kenako stakes, ndipo pamwamba penipeni pali Grade 1 kapena Group 1. Pa handicap hatchi yamphamvu imasenzetsedwa katundu wolemerapo kuti zonse zikhale ndi mwayi. Mtima umafuna kuona dzina la khola lanu pa mpikisano waukulu, ndipo ndimaumvetsa, koma ndalama yolembetsera kumeneko ndi yaikulu ndipo hatchi yomaliza ya nambala 9 sibweretsa kanthu, ingobwera yotopa. Musanalembetse, tsegulani mndandanda wa zimene zalembetsedwa kale, muyerekeze nthawi zawo pa mtunda womwewo ndi ya hatchi yanu. Ngati zoposa zitatu zili ndi nthawi yabwino kuposa yanu, fufuzani mpikisano wina. Mpikisano wa mahatchi asanu ku bwalo laling'ono kumene osewera akuluakulu sapitako umapindulitsa kuposa wa mahatchi 14 ku bwalo lotchuka, bola ndalama ya ulendo isadye phindulo. Ndipo pa claiming kumbukirani kuti nanunso angakulandeni: ikani hatchi pa mtengo umene mungaulandire osadandaula.

Ipumitseni. Ndalama zikayamba kuchepa pamabwera chiyeso choithamangitsa sabata iliyonse, koma pafupifupi gemu iliyonse ili ndi muyeso wa kutopa, wooneka kapena wobisika, ndipo hatchi yotopa imathamanga moipa komanso imavulala msanga. Kuvulala kumodzi kumakudyerani ndalama ya dokotala ndi masabata angapo a chakudya popanda mphoto. Chimodzimodzi ndi maphunziro: kuithamangitsa mwamphamvu tsiku lililonse kumaimaliza isanafike pa bwalo.

Za okwera ndi zomangamanga sindichulukitsa. Pa mpikisano umene mukuona kuti mungapambane, tengani wokwera wabwino, chifukwa gawo lake limachokera pa mphoto. Pa mpikisano woyesera mtunda watsopano, wamba akwanira. Kukulitsa khola, kugula dziwe losambiramo mahatchi, kumanga bwalo lophunzitsirapo, zonsezo zidikire. Khola la malo 20 lokhala ndi mahatchi atatu ndi ndalama zokwiriridwa.

Kuswetsa ndiko kumene ambiri a ife tinabwerera ku magemu amenewa, ndipo n'kokoma zedi kuona mwana wobadwira m'khola lanu akupambana. Koma werengani nthawi. Hatchi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi 11, mwanayo n'kudikiranso zaka ziwiri. Gemu imafupikitsa masiku, komabe ndi nyengo pafupifupi zitatu zolipira chakudya cha mayi ndi mwana, kuphatikizapo ndalama yokweretsera yaikazi kwa yamphongo, musanaone ngati mwanayo ali ndi liwiro. Yambani kuswetsa pamene mphoto za nyengo imodzi zalipira zonse za khola n'kutsalako. Mukayamba, musagule yamphongo. Yamphongo yabwino ndi yodula kwambiri, ndipo yapakatikati palibe amene adzabweretse yaikazi yake kwa iyo. Lipirani ndalama yokweretsera kwa ya munthu wina, musankhe imene ana ake athamanga kale n'kupambana pa mtunda umene yaikazi yanu inkachita bwino. Yamphongo imene ana ake ambiri amapambana mipikisano yapakati imakuthandizani kuposa yotchuka chifukwa cha mwana mmodzi.

Phindu loyamba likabwera, bwezerani kaye nkhokwe ija ya masabata 12, kenako muonjezere hatchi yachinayi, nkhokwenso ikule molingana. Hatchi imene yathamanga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa mitunda yosiyana, pa dothi ndi pa kapinga, osafikako m'zitatu zoyamba, igulitseni kapena muitsitsire ku claiming yotsika kuti wina aitenge. Zimawawa chifukwa mwaizolowera dzina, koma 1,000 yake ya pa sabata ingadyetse ina yobweretsa ndalama. Yabwino nayonso ili ndi nthawi yogulitsa: itangopambana kawiri motsatizana mtengo wake umakhala pamwamba, ndipo ngati ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ndi mfule, nthawi yake ndi imeneyo.

Magemu ena amakulolani kugula ndalama za mu gemu ndi ndalama zenizeni, ena mpaka amalonjeza kuti mahatchi anu mungawagulitse n'kutapa ndalama. Pamenepo langizo langa ndi lolimba. Malizani nyengo imodzi yathunthu ndi mpamba waulere musanalipire chilichonse, chifukwa khola limene likuluza ndi 100,000 lidzaluzanso ndi 500,000, mofulumirapo. Mukasankha kulipira, dziikireni malire a pa mwezi musanatsegule tsamba logulira, ndipo ndalamayo muiwerenge ngati yolipirira chisangalalo, yosabwerera. Werenganinso malamulo a katapidwe ka ndalama ndi zimene zimachitikira mahatchi anu mukakhala masabata angapo osalowa, popeza magemu ena amapitiriza kudula ndalama ya chakudya mpaka khola litalowa m'ngongole.