Cham'mimba chikagwira, umu ndi mmene ndimachitira

Ine cham'mimba chimandigwira tsiku loyamba la msambo, mpaka kulephera kukwera minibasi yochoka ku Kawale kupita m'tauni. Chimene chimapweteka ndi chiberekero chikamafinyika kuti magazi atuluke, ndiye mankhwala oyamba ndi kutentha basi.

Ndimatereka madzi pa mbaula. Akatentha, koma osafika powira, ndimathira m'botolo lolimba, kutseka bwinobwino, kulikulunga m'chitenje n'kuliika pansi pa mchombo kwa mphindi 20. Chitenjecho musachiiwale. Tsiku lina ndinaika botolo pakhungu penipeni chifukwa cha phuma, chipsera chake ndili nachobe. Ululu ukasamukira m'chiuno, botolonso lisamukire kumsana.

Madzi otsala pa mbaulapo ndimaphikira jinja. Wa ku msika wa Tsoka ndi wotchipa, kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu kamakwana. Ndimasinja, kuwiritsa mphindi 10, kufinyiramo ndimu. Azakhali anga ankati, “Iwe mwana, kumangodzipinda pamphasa sikuchiza, dzuka ukasese pakhomo.” Ndinkawaona ngati ankhanza, koma zoona kuyenda pang'ono kumamasula.

Zikavuta ndimamwa ibuprofen ululu ukangoyamba, nditadya kaphala. Odwala zilonda zam'mimba asamwe ameneyu, amwe Panado.

Koma ngati padi ikudzaza ola lililonse, mukuchita chizungulire, kapena ululu ukunka nukula mwezi ndi mwezi, jinja asiyeni kaye. Pitani ku Bwaila kapena chipatala chapafupi akakuyezeni, chifukwa nthawi zina zimakhala zotupa za m'chiberekero.