Mchere, mafuta ndi shuga: zomwe mtima wanu umasenza tsiku ndi tsiku

Anthu akamva za matenda a mtima amathamangira kufunsa za mankhwala. Funso loyamba likhale lina: kodi paketi ya mchere imatha masiku angati pakhomo panu?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Imeneyo ndi supuni yaing'ono imodzi, ya tsiku lonse, osati ya chakudya chimodzi. Komatu anthu ambiri padziko pano amadya kuwirikiza kawiri mlingo umenewu. Mchere ukachuluka, thupi limasunga madzi, magazi amadzadza mitsempha, ndipo mtima umapopa movutikira. BP imakwera motero. Kuipa kwake, siipweteka. Munthu amatha zaka akuyenda bwinobwino, kenaka tsiku lina n'kufa ziwalo mbali imodzi, kapena impso n'kufooka. Mu 2019 mokha, matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni.

Mchere umene mumauona pothira si wokhawo. Wina umabwera utabisala kale m'buledi, m'soseji, m'zakudya za m'chitini, m'nyama kapena nsomba zosungidwa ndi mchere, ndiponso m'timibulu tokometsera ndiwo tija. Timibuluto timakhala ndi mchere wambiri, choncho mukaponyamo kamodzi musathirenso wina. Pogula za m'mapaketi onani pomwe alemba sodium. Nambala imeneyo ichulukitseni ndi 2.5 kuti mudziwe mchere weniweni.

Pophika yezani ndi supuni, musatape ndi dzanja. Patebulo mchere usamakhalepo, chifukwa ambiri amathira asanalawe n'komwe. Nyama kapena nsomba ya mchere muiviike kaye m'madzi n'kuwataya. Anyezi, adyo, tomato, tsabola ndi madzi a ndimu zimakometsa ndiwo mokwanira. A pakhomo adzadandaula masiku oyamba, zimenezo muyembekezere, koma mukamachepetsa pang'onopang'ono lilime limazolowera pakatha masabata ochepa. Mchere wosakaniza ndi potassium, michere ina yopezekanso m'masamba ndi zipatso, umathandiza ena, koma wodwala impso kapena amene akumwa mankhwala a BP ayambe wafunsa kuchipatala.

Za mafuta, mtundu wake ndiwo nkhani. Mafuta amene amaundana akazizira, monga a nyama yonona, batala ndi majarini olimba, amakweza kolesterolo woipa, amene amamatirira m'kati mwa mitsempha mpaka njira ya magazi kuchepa. A mpendadzuwa, soya kapena mtedza ndi abwinoko, bola osasambitsa nawo ndiwo. Mafuta okazingira amene atenthedwa kambirimbiri mpaka kuda, atayeni. Kuwasunga si kusamala ndalama.

Shuga woopsa kwambiri ndi wakumwa, chifukwa sakhutitsa. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimakhala ndi magalamu a shuga pafupifupi 35, pomwe malire a tsiku lonse kwa wamkulu ndi pafupifupi 50, ndipo kutsika mpaka 25 n'kwabwino koposa. Onjezanipo masupuni atatu a m'kapu ya tiyi, m'mawa ndi madzulo, muona kuti malire mwadutsa kalekale. Zotsatira zake ndi kunenepa ndi matenda a shuga, zomwe zimalemetsanso mtima womwewo. Tiyi kapena khofi payekha, makapu awiri kapena atatu, alibe vuto kwa anthu ambiri. Mowa umakweza BP ndipo umasokoneza kagundidwe ka mtima. Zoti kapu ya vinyo ndi mankhwala a mtima musazidalire. Mu 2023 WHO inanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene ulibe chiopsezo.

Zoonjezera m'mbale zilipo. Masamba ndi zipatso zifike magalamu 400 pa tsiku, chifukwa potassium wake amathandiza impso kutulutsa mchere. Nyemba zilowe m'malo mwa nyama masiku ena, nsomba idyedwe kawiri pa sabata, ndipo ufa wosachotsa gaga uposa woyera.

Kuti mudziwe ngati kusinthaku kukugwira ntchito, kayezetseni BP musanayambe, ndipo mukayezetsenso pakapita miyezi ingapo. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, onanani ndi dokotala. Amene munapatsidwa kale mapiritsi musawasiye chifukwa choti mwachepetsa mchere; wosintha mlingo wake ndi dokotala yekha.