Momwe mungayezetsere matenda a shuga ndi kudziwa mtundu wake

Ine anandiyamba ndi ludzu losatha. Usiku ndinkadzuka kanayi kukataya madzi, mu June, ndipo kuzizira kwa ku Dedza kuno mukukudziwa. Thalauza linayamba kukhwepa m'chiuno. Amene anandikakamiza kupita kuchipatala ndi mayi akunyumba, ataona nyerere zitaunjikana pomwe ndinakodza kuseri kwa nyumba. Ngati zanu zikufanana ndi izi, kapena bala likukana kupola, kapena maso akuchita chifunga, yambani motere.

Tengani buku lanu lakuchipatala mupite kuchipatala cha boma, komwe kuyeza n'kwaulere. Amabaya chala, dontho limodzi pa kapepala, kamakina n'kutulutsa nambala. Ngati munadya kale, nambala yafika 11.1 kapena kupitirira, zizindikiro zija zilipo, ameneyo ndi shuga. Koma samalani, makina ena amawerenga shuga m'muyezo wotchedwa mmol/L, ena mu mg/dL, pomwe 11.1 yemweyo amaoneka ngati 200. Mukagawa nambala yaikuluyo ndi 18 mupeza yaing'onoyo. Pemphani anamwino alembe zilembozo pambali pa nambala, chifukwa "140" wopanda dzina amaopseza munthu pachabe.

Kenako amakuuzani kuti mubwere mawa m'mawa musanadye kanthu. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndiye ndipafotokoza bwino.

Ine ndinamva ngati akunena nsima ndi phala. Ndinadzuka 5 koloko, chifunga chili phaa, mano akugogoda, ndinamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga poganiza kuti tiyi si chakudya. Podikira minibasi ndinaonjezera kabotolo ka thobwa. Nambala inatuluka yaikulu moti anamwino anandiyang'ana kawiri. Anandifunsa kuti, "Bambo, pakamwa pano sipanadutse kalikonse?" Nditatchula thobwa uja anangotseka buku. Tsiku linapita, ndalama ya minibasi ndi kabaza inapita, ndipo ndinabwerera kunyumba osadziwa chilichonse. Kusadya komwe amanena ndi maola 8 athunthu, kuyambira mgonero. Chololedwa ndi madzi okha. Tiyi ayi, thobwa ayi, maheu ayi, ngakhale siwiti yapakhosi. Mowa usiku wake usiyeni. Sambaninso m'manja musanabayidwe, chifukwa chala chomwe chasenda nzimbe kapena nthochi chimanamiza makina. Chakudya chitengeni m'chikwama mudzadye akamaliza, mzere umatalika.

Mukayezedwa mosadya moona, malire ake ndi 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL. Kuyambira pamenepo kupita m'mwamba ndi matenda a shuga, ndipo ngati zizindikiro sizikuoneka bwino amabwereza tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 muli pakhomo, simunalowe. Palinso kuyeza kwa HbA1c, komwe kumaonetsa momwe shuga wakhalira m'magazi miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Malire ake ndi 6.5%, ndipo sikufuna kusala kudya, koma kwa munthu wochepa magazi kumatha kusocheretsa. Ku malabu olipira a ku Lilongwe funsani mtengo pafoni musanakwere galimoto, zinthu zotere zinakwera kwambiri kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023.

Mwina mudzafuna kamakina kanukanu. Gulani ku famase yodziwika, ndipo funsani mtengo wa timapepala musanafunse wa makina, poti timeneto ndi tomwe timadya ndalama. Ine ndinathamangira totchipa kwa mnyamata wina pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, n'kupeza kuti tsiku lake linadutsa kalekale komanso sitikulowa n'komwe m'makina anga. Za mabotolo a mankhwala "ochapa shuga" omwe amalengeza pa zimkuzamawu tsiku lamsika, sungani ndalama zanu.

Tsopano mtundu wake. Kamakina kaja sikanena zimenezi. Mu Type 1, kapamba (pancreas) wasiya kupanga insulin, yemwe amathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, matenda amabwera mwaliwiro, nthawi zambiri mwa ana ndi achinyamata, ndipo popanda jakisoni wa insulin munthu sangakhale moyo. Mu Type 2, insulin alipo koma thupi silikumumvera bwino kapena wachepa, ndipo matenda amabwera mwakachetechete, kawirikawiri mwa akuluakulu. Ambiri mwa odwala shuga ali ndi ameneyu. Adokotala adzakufunsani zaka zanu, kuti mwaonda kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati kubanja kwanu alipo wodwala shuga. Adzayeza mkodzo kufuna ma ketone, omwe akachuluka amaonetsa kuti insulin wasowa kwambiri. Musadziweruze nokha ndi thupi. Ine ndine woonda ngati bango, ndinkangoti basi ndi Type 1, koma anapeza Type 2 ndipo mapiritsi a shuga otchedwa metformin akundigwira bwino. Pakakhala chikaiko pali kuyeza magazi kwa C-peptide (koona kuchuluka kwa insulin yemwe thupi likupanga) ndi kwa ma antibody a GAD (asilikali a m'thupi omwe amapezeka kwambiri mu Type 1), komwe kumachitika m'malabu aakulu okha, ndiye funsani ngati angakutumizeni. Nthawi zina yankho limadziwika pakapita miyezi, akaona momwe thupi lalandirira mapiritsi.

Mwana kapena wamkulu wa zizindikiro za shuga zija akamasanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mwaphuma, mpweya ukununkha ngati zipatso zoola, musadikire za kusala kudya mawa. Thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.

Amayi oyembekezera ali ndi mtundu wawo, umapezeka kusikelo ndipo kawirikawiri umatha akachira, koma adzayezetsenso pambuyo pake. Zotsalazo akakuuzani ku kiliniki ya shuga: tsiku lobwera, BP, maso, mapazi. Akakupatsani insulin mulibe filiji, mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa pamalo ozizira umathandiza.